Gogo wa Wii ndi mnyamata wa PlayStation: makina a magemu amakopa ndani, nanga amadyera kwa ndani?

Mu Novembala 2006, m'masitolo a ku America munalowa makina awiri a magemu, kusiyana masiku awiri okha. Pa 17 inafika PlayStation 3 ya Sony, chimakina chakuda ndi cholemera, choonetsa zithunzi zowala za HD komanso chowerenga madisiki atsopano a Blu-ray. Mtengo wake unali madola 499 kapena 599, malinga ndi mtundu umene wasankha. Pa 19 inafika Wii ya Nintendo, kabokosi koyera kofanana kukula ndi timabokosi titatu ta DVD utatisanjikiza, pa mtengo wa madola 249. M'mimba mwake munalibe chachilendo. Zipangizo zake zinali zomwe zija za GameCube ya 2001, makina amene sanayende malonda, angoziwonjezera mphamvu pang'ono. HD inalibe n'komwe. Apo n'kuti Xbox 360 ya Microsoft itatha kale chaka pamsika.

Pomwe mpikisano wa makina atatuwa umatha, kabokosi kofooka kaja n'kamene kanali patsogolo: Wii zoposa 101 miliyoni zinagulidwa, PlayStation 3 pafupifupi 87 miliyoni, Xbox 360 chapompo. Koma Nintendo itatulutsa Wii U mu 2012 kuti ilowe m'malo mwa Wii, inagulitsa 13.5 miliyoni zokha. Kampani yomweyo, dzina lomwelo, magemu a Mario omwewo. Anthu oposa 80 miliyoni aja analowera kuti?

Yankho la funsoli ndi limene limamasula nkhani yonse ya anthu osewera mwa apo ndi apo ndi anthu amene gemu inawalowa m'magazi.

Kusiyana kwawo kuli pa zimene amalolera kupereka

Pa intaneti magulu awiriwa amakonda kunyozana. Olowerera amati enawo si osewera enieni, enawo amati olowerera alibe chochita. Koma makampani opanga makinawa sayang'ana zimenezo. Iwo amayang'ana zinthu zimene munthu angalolere kutaya chifukwa cha gemu: nthawi, ndalama, ndi kuleza mtima pophunzira.

Wosewera mwa apo ndi apo ali ndi mphindi makumi awiri, mwina alendo abwera kapena ana akufuna chosewera. Akufuna ayatse, amve kukoma nthawi yomweyo, azime. Gemu ikamuuza kuti adikire kaye ikoke zinthu pa intaneti, kapena aphunzire mabatani khumi asanaponye mpira, amaisiya osakwiya n'komwe, chifukwa ali ndi zina zochita. Wolowerera uja ndi wina. Amadziwa tsiku limene gemu yatsopano ituluke miyezi isanakwane, amalolera kugonja maulendo makumi atatu pamalo amodzi mpaka atapadutsa, ndipo gemu ikakhala yosavuta amamva ngati amubera ndalama. Chimene chimathamangitsa woyamba ndi chimene chimakopa wachiwiri. Wopanga makina amodzi oti onse awiri awagule ali pa mphanda yovuta.

Mphandayi imaonekera koyamba pa chinthu chimene munthu amagwira m'manja. Pad ya Nintendo ya m'zaka za m'ma 1980 inali ndi kamtanda kolozera mbali zinayi, mabatani awiri osewerera, ndi Start ndi Select. Pofika nthawi ya PlayStation 2, pad inali ndi timitengo tiwiri toyendetsa ndi zala zazikulu, mabatani anayi kumaso, ena anayi pamwamba, kuphatikizapo kamtanda kaja. Kwa amene anakula nayo, zala zimangodziyendera. Koma mupatseni munthu wamkulu amene sanaigwirepo, muone mmene amaitembenuzira, maso ali pa zala m'malo mwa TV, kenako n'kukubwezerani akuseka kuti, "Izi n'za ana." Si kuti gemuyo sangaikonde. Khomo lake ndi limene lamukanika.

Satoru Iwata, amene anakhala mkulu wa Nintendo mu 2002, anaona zimenezi msanga. Iye anayamba ngati wolemba mapulogalamu a magemu, choncho sanali munthu wa m'ofesi chabe. Anaona kuti ku Japan msika wa magemu ukuchepa, ndipo makampani onse akulimbirana anthu omwewo powapatsa magemu ovuta kuposa akale. Pamapeto pake GameCube inagulitsa pafupifupi 22 miliyoni pomwe PlayStation 2 inapitirira 150 miliyoni. Kulimbana ndi Sony pa mphamvu za makina kunali kutaya ndalama. Iwata anasankha kukasaka anthu amene sankasewera n'komwe, posayang'ana msinkhu, kuti ndi mwamuna kapena mkazi, kapena ngati anagwirapo gemu chibadwire.

Anayamba ndi Nintendo DS mu 2004, kamakina ka m'manja kolembapo ndi kacholembera. Pa iko panatuluka Nintendogs, yoweta kagalu, ndi Brain Age, yowerengera masamu ang'onoang'ono tsiku ndi tsiku, imene anthu achikulire ku Japan anaikonda kwambiri. DS inafika 154 miliyoni. Kenako Wii. Chogwirira chake anachipanga ngati rimoti ya TV mwadala, ndipo anachitcha dzina lomwelo, chifukwa rimoti palibe amene amaiopa m'nyumba. Ukafuna kumenya mpira wa tenesi, umangoponya dzanja ngati ukumenyadi. M'mayiko ambiri kunja kwa Japan, Wii Sports inkabwera m'bokosi momwemo: tenesi, gofu, bowling, baseball ndi nkhonya. Munthu ankaiphunzira poona mnzake akusewera kamodzi kokha. Nyuzipepala za ku America ndi ku Britain zinkalemba za nyumba zosungira okalamba kumene agogo ankapikisana pa bowling ya Wii. Mu 2007 kunabwera Wii Fit ndi kathabwa koimapo pochita masewera olimbitsa thupi, ndipo inagulidwa koposa 22 miliyoni, ambiri mwa ogulawo ali anthu amene sakanadzitcha osewera magemu ngakhale pang'ono.

Maganizo amenewa sanayambe ndi Iwata. Gunpei Yokoi, amene anatsogolera kupanga Game Boy ya 1989, ankakhulupirira kuti zipangizo zakale zotsika mtengo, ukazigwiritsa ntchito mwanzeru, zimaposa zatsopano zodula. Game Boy inalibe mitundu, pamene Game Gear ya Sega ndi Lynx ya Atari zinali nayo. Koma mabatire ake ankakhalitsa, mtengo unali wotsika, ndipo inali ndi gemu ya Tetris.

Ndalama zimalowera pati

Apa m'pofunika kukhazikika, chifukwa ambiri amaganiza kuti kampani imalemera pogulitsa makinawo. Kawirikawiri sizili choncho. Sony ndi Microsoft nthawi zambiri zimagulitsa makina atsopano pa mtengo wongobweza zimene zinawononga, kapena wocheperapo. PlayStation 3 itangotuluka, Sony inkaluza madola mazana pa makina aliwonse, ngakhale kuti ogula ankalira kuti yadula. Phindu limabwera pambuyo. Gemu iliyonse yogulitsidwa pa makinawo, ngakhale yopangidwa ndi kampani ina, mwini makina amadyapo. Ikagulidwa m'sitolo yake ya pa intaneti, gawo lake nthawi zambiri limakhala 30 pa 100 iliyonse. Palinso ndalama ya pamwezi yosewerera ndi anzako pa intaneti, imene Microsoft inayamba kutolera ndi Xbox Live mu 2002, ndipo Sony inatsatira pa PlayStation 4. Palinso ma pad owonjezera ndi tizinthu togula m'kati mwa gemu.

Mukawerengera motere, munthu mmodzi wogula magemu asanu ndi limodzi pachaka n'kumalipira pamwezi kwa zaka zisanu ndi ziwiri amaposa mabanja angapo ogula makina pa Khirisimasi n'kuwaiwala pansi pa TV pofika Isitala. Ngati makinawo anagulitsidwa moluza, banja loterolo laibweretsera kampani ngongole. N'chifukwa chake Sony ndi Microsoft zimayamba kunyengerera olowerera. Iwo ndi amene amagula chaka choyamba makina adakali odula ndipo magemu adakali ochepa. Ndi amenenso achibale amawafunsa kuti, "Kodi mwana ndimugulire iti?"

Nintendo inatembenuza masamuwa. Poti zipangizo za Wii zinali zotsika mtengo, inkapeza phindu pa kabokosi kalikonse kuyambira tsiku loyamba. Ngakhale wogula asaguleko gemu ina, kampani sinaluze. Ndipo kunena zoona, eni Wii sanaumire: magemu oposa 900 miliyoni anagulidwa pa makinawa. Vuto linali lakuti magemu ogulidwa kwambiri pafupifupi onse anali a Nintendo yomweyo, monga Mario Kart Wii, Wii Sports Resort ndi Wii Play. Makampani ena anavutika. Magemu akuluakulu opangidwira PlayStation 3 ndi Xbox 360 sankatheka pa Wii popanda kuwachepetsa kwambiri, ndiye ambiri anangothira timagemu tosalongosoka ta maphwando, poganiza kuti wogula wa Wii sasiyanitsa. Mashelefu anadzaza zinyalala. Okonda Nintendo akale anayamba kudandaula kuti aiwalidwa, makamaka pachionetsero cha magemu cha E3 cha 2008 pamene kampani inaika patsogolo Wii Music. Mu 2011 ena ku America anafika pochita kampeni yolembera kampani makalata, imene anaitcha Operation Rainfall, kupempha kuti gemu ngati Xenoblade Chronicles iwafikire nawonso.

Kenako kunabwera foni. iPhone inatuluka mu 2007, sitolo yake ya mapulogalamu ya App Store mu 2008, gemu ya Angry Birds mu 2009, ya Candy Crush Saga mu 2012. Ganizirani zimene munthu wa apo ndi apo ankafuna: zosavuta kuphunzira, zoyamba msanga, zotsika mtengo. Foni inamupatsa zonsezo, mwinanso kwaulere, pa chinthu chimene anali nacho kale m'thumba, osalimbirana TV ndi aliyense. M'chaka chake chabwino kwambiri, chothera mu Malichi 2009, Wii inagulitsa pafupifupi 26 miliyoni. Patatha zaka zitatu sinakwanitse ngakhale 10 miliyoni, ndipo chaka chomwecho Nintendo inalengeza kuti yaluza ndalama pa chaka chonse, zimene zinali zisanachitike kwa zaka zambiri.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Agogo a bowling aja sanakwiye ndi Nintendo, ndipo sanapite kwa Sony. Anali atasangalala, basi, ndipo sankaona chifukwa chogulira makina ena pomwe oyamba aja akugwirabe ntchito. Wii U itabwera ndi pad yaikulu yokhala ndi sikirini pakati, ambiri ankayesa kuti ndi chowonjezera cha Wii yakale, osati makina atsopano. Kuphweka kwa rimoti kuja kunali kutapita. Olowerera nawo anaona kuti mphamvu zake zikungofanana ndi makina a zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, PlayStation 4 ili panjira. Wii U inasowa mwini. Iwata anadula malipiro ake ndi theka kumayambiriro kwa 2014, ndipo anamwalira mu Julaye 2015 asanaone zimene zinatsatira.

Microsoft inagwa m'dzenje lomwelo, koma mochita kuthamangira. Itaona khamu la Wii, inatulutsa Kinect mu Novembala 2010, kamera yoona thupi lonse kotero kuti pad siifunika. Inagulitsa 8 miliyoni m'masiku 60 oyamba. Akuluakulu a kampani anatengeka, ndipo pokonza makina otsatira, Xbox One, anaika Kinect m'bokosi lililonse mokakamiza, mtengo n'kufika madola 499. Poionetsa koyamba mu Meyi 2013, anatha nthawi yaitali akukamba za kuonera TV ndi mpira wa ku America wa NFL, magemu akubwera mochedwa. Ananenanso kuti makinawo azifuna kulumikizana ndi intaneti kamodzi pa maola 24 aliwonse, komanso kuti kubwerekana kapena kugulitsana madisiki kukhala ndi malire. Kwa munthu wa ku Seattle, kufupi ndi likulu la Microsoft, mwina lamulo la intaneti linali laling'ono. Kwa ife a kuno, kumene magetsi amathima ndipo data ndi ya bandulo, makina oterowo akanakhala chokongoletsera pabalaza. Koma ngakhale ku America komweko olowerera anakwiya koopsa. Sony inangoponya nkhonya ziwiri: PlayStation 4 ndi madola 399, ndipo inatulutsa kavidiyo kachipongwe koonetsa mmene ungabwereketsere gemu, momwe mkulu wina, Shuhei Yoshida, akungopereka disiki m'manja mwa mnzake. Microsoft inabweza malamulo aja pasanathe masabata awiri, inachotsa Kinect m'bokosi mu 2014, n'kusiya kuipanga mu 2017. Koma mbiri inali itaipa kale. PlayStation 4 inagulitsa zoposa 117 miliyoni, ndipo Microsoft inasiya n'kulengeza komwe kuchuluka kwa ma Xbox amene yagulitsa.

Ine ndimaona kuti kulakwitsa kwa Xbox One kunali kwakukulu kuposa kwa Wii U. Nintendo inaitana alendo amene anali atapita kale. Microsoft inanyoza eni nyumba pofuna alendo omwewo.

Chimene chimamanga wolowerera

Nanga amene amakhala, amakhalira chiyani? Zina n'zooneka ndi maso. Gemu imaonetsa zithunzi zambiri zotsatizana pa sekondi iliyonse, kawirikawiri 30 kapena 60. Wosewera mwa apo ndi apo sangasiyanitse. Wolowerera amamva kusiyanako m'zala, chifukwa pa 60 chimene wadina chimachitika msanga, ndipo pa gemu yowomberana kachigawo ka sekondi n'kamene kamalekanitsa wopha ndi wophedwa. Mark Cerny, amene amatsogolera kamangidwe ka makina a PlayStation, ananena mu 2024 kuti magemu akapereka mwayi wosankha pakati pa zithunzi zokongola kwambiri ndi zithunzi zothamanga, eni PlayStation 5 amasankha zothamanga pafupifupi katatu pa kanayi kalikonse. Anazinena polengeza PlayStation 5 Pro, ya madola 699 yopanda n'polowetsa disiki pomwe. Makina amenewo sanapangidwire banja lofuna chosewera pa holide. Anapangidwira munthu amene ali kale ndi PlayStation 5 koma mtima sukumupatsa mtendere.

Palinso kuvuta kwa gemu. Kampani ya ku Japan ya FromSoftware inatchuka ndi Dark Souls ya 2011, gemu imene siikufotokozera zambiri, siikumvera chisoni, ndipo ilibe posankha kuti ikhale yosavuta. Nzeru ya nthawi ya Wii ikananena kuti gemu yotere ndi ya anthu ochepa. Koma Elden Ring, ya kampani yomweyo, inagulitsa zoposa 20 miliyoni m'chaka chimodzi chitulukireni mu 2022. Kwa anthu amenewa kukoma kuli pa kugonjetsa chimene chinawakanika dzulo, ndiye ukachifewetsa wawalanda chimene amafuna.

Koma zingwe zolimba kwambiri sizioneka. Xbox 360 inabweretsa mapointi osonyeza zimene wakwanitsa m'gemu iliyonse, ndipo Sony inatsatira ndi zikho zake mu 2008. Zimenezi zimaunjikana pa dzina lako zaka ndi zaka. Magemu amene unagula pa intaneti amakhalanso pa dzina lomwelo, ndipo sungawasamutsire kwa kampani ina. Anzako amene umasewera nawo usiku ali komweko. Munthu amene waunjika magemu zana pa PlayStation sangasamuke chifukwa choti Xbox yatsika ndi madola makumi asanu. Phil Spencer, amene anali mkulu wa Xbox nthawiyo, anavomereza poyera mu 2023 kuti kampani yake inagonja pa nthawi yoipitsitsa, chifukwa nthawi ya Xbox One ndi PlayStation 4 ndi imene anthu ankamanga nkhokwe zawo za magemu a pa intaneti.

Munthu wa gemu imodzi

Tsopano pali munthu wina amene amasokoneza magulu awiri onsewa, ndipo kuno kwathu timamudziwa bwino. Pitani m'tauni iliyonse, ku Ndirande, ku Kawale kapena m'makomboni a ku Lusaka, mupeza kachipinda kokhala ndi TV ndi PlayStation kumene anyamata amalipira kuti amenye FIFA, wogonja n'kutula pad kwa wotsatira. Mnyamata wa pamenepo mwina sanamvepo za Elden Ring, ndipo za zithunzi 60 pa sekondi alibe nazo ntchito. Gemu yake ndi imodzi. Koma amaisewera tsiku lililonse, amadziwa timu imene ili ndi osewera othamanga, ndipo angachititse manyazi munthu amene ali ndi magemu zana kunyumba. Ameneyu timuika gulu liti?

Ku Ulaya ndi ku America aliko mamiliyoni otere, kungoti makinawo ndi awoawo. Amagula gemu ya mpira chaka chilichonse, imene kuyambira 2023 ikutchedwa EA Sports FC kampani ya EA italekana ndi bungwe la FIFA, mwina n'kuwonjezera gemu yowomberana ya Call of Duty, basi. Ena amangosewera Fortnite, imene ndi yaulere. Pa zokonda ndi anthu wamba, koma pa nthawi ndi ndalama ndi olowerera enieni. EA inanena kuti m'chaka chake cha 2021 inapeza madola oposa 1.6 biliyoni kuchokera ku Ultimate Team yokha, gawo la magemu ake a mpira ndi masewera ena kumene anthu amagula timapaketi ta osewera osadziwa kuti mutuluka ndani. (Boma la Belgium linaona kuti zimenezi zikufanana ndi juga, ndipo EA inasiya kugulitsa mapointi ogulira timapaketito m'dzikolo mu 2019.) Pa ndalama iliyonse yotere yolowa kudzera pa PlayStation, Sony imadyapo osapanga gemuyo.

Munthu ameneyu ndi amene makampani amamulimbirana kwenikweni masiku ano, ngakhale satchulidwa m'mikangano ya pa intaneti. Microsoft itafuna kugula Activision Blizzard, eni ake a Call of Duty, pa madola pafupifupi 69 biliyoni, mbali yaikulu ya nkhondo ya m'makhoti ndi m'mabungwe oona za mpikisano inazungulira pa funso limodzi: kodi Call of Duty ikhalabe pa PlayStation? Malondawo anatheka mu Okutobala 2023 Microsoft italonjeza kuti ikhalabe. M'thumba lomwelo munalinso King, kampani ya Candy Crush. Ndi cheke chimodzi Microsoft inagula gemu ya anyamata owomberana usiku wonse ndi gemu ya mayi wodikira basi.

Switch inapeza njira ina

Nintendo inadzuka mu Malichi 2017 ndi Switch, ya madola 299, ndipo sinabwereze za Wii. Sinapange makina a anthu osasewera. Inapanga makina amene wolowerera angawakonde, koma osatsekera wina aliyense kunja. Tsiku loyamba inatuluka ndi The Legend of Zelda: Breath of the Wild, gemu yaikulu yotha kudya maola zana, ndipo amene anathamangira kugula anali okonda magemu enieni. Makinawo umatha kuwalumikiza ku TV kapena kuwanyamula m'manja, zimene zinathandiza gulu lina limene ambiri ankaliiwala: anthu amene anali olowerera ali achinyamata, koma pano ali pantchito, ali ndi ana, ndipo TV ya pabalaza si yawo okha. Mtima ulipo, nthawi palibe. Switch umaigoneka pakati pa gemu, mawa n'kupitiriza pomwe unasiyira m'masekondi ochepa. Ndipo tizogwirira take tiwiri timachoka m'mbali n'kukhala ma pad awiri, kotero kuti mlendo akabwera simufunika kugula china.

Luso lenileni lili m'kati mwa magemu. Tengani Mario Kart 8 Deluxe, imene yagulidwa koposa 60 miliyoni. Mwana wa zaka zisanu mutha kumuyatsira chothandizira chiwongolero kuti asagwere kunja kwa msewu, ndi china choti galimoto iziyenda yokha osadina batani. Amene ali kumbuyo amapatsidwa zida zamphamvu, kuphatikizapo chigoba cha buluu chimene chimakasaka amene ali patsogolo, ndiye mpikisano sutha msanga. Koma m'gemu yomweyo muli liwiro la 200cc, muli luso lokhota motsetsereka kuti upeze mphamvu yowonjezera, muli njira zachidule zimene anthu amaziyeserera miyezi. Bambo wodziwa ndi mwana wosadziwa amakhala pa mpando umodzi, aliyense akusewera gemu ya msinkhu wake pa sikirini imodzi. Chodabwitsa n'chakuti gemuyi inatuluka koyamba pa Wii U mu 2014. Inali yabwino kale, inangosowa makina oti anthu aipezepo.

Mwayi unathandizanso. Animal Crossing: New Horizons, gemu yopanda nkhondo kumene umangokonza kachilumba kako, kuwedza nsomba ndi kuchezera anzako, inatuluka pa 20 Malichi 2020, mayiko ambiri akutsekera anthu m'nyumba chifukwa cha Covid-19. Inapitirira 40 miliyoni. Ndipo apa mpamene magulu aja amasokonekeranso, chifukwa anthu ambiri amene amati "sindisewera magemu" anathera maola mazana pa kachilumbako. Switch yonse yapitirira 150 miliyoni.

Microsoft ikuyesa njira yakeyake yotsitsira khomo. Mu 2020 inatulutsa makina awiri nthawi imodzi, Series X ya madola 499 ndi Series S yofookerapo ya madola 299, kuwonjezera pa Game Pass, imene inayamba mu 2017, yolipira pamwezi n'kumasewera magemu mazana. Pa pepala zikuoneka ngati zopangira munthu wa apo ndi apo. Koma ndikaganiza bwino, amene amapindula ndi magemu mazana ndi amene ali ndi nthawi yowasewera. Wa gemu imodzi uja kulipira mwezi ndi mwezi sikumupindulira. Series S ilibenso polowetsa disiki, ndipo magemu akuluakulu a masiku ano ena amapitirira magigabaiti 100. Kumene intaneti ndi yodula, makina otchipawo ndi amene amadya ndalama zambiri, ndipo disiki yakale yogula kwa mnzako imakhalabe njira yanzeru.

Pali chinthu chimodzi chimene chasintha mwakachetechete, ndipo chikukhudza kwambiri anthu wamba. Kale, khamu lalikulu linkalowa mochedwa, mtengo ukatsika. PlayStation 2 inayamba pa madola 299 mu 2000 ku America, ndipo pofika 2009 inali pa madola 99. Ambiri ankaigulanso chifukwa inkaonetsa mafilimu a DVD, ndiye bambo ankatha kunena kuti wagulira banja lonse. Olowerera ankalipira mtengo wa poyamba, ena onse n'kubwera pambuyo, ndipo makina otsika mtengowo ndi amene ankadzafika mpaka m'tizipinda ta FIFA ta kuno. Pano zikuyenda chobwerera. PlayStation 5 inayamba pa madola 499 mu 2020, ndipo mu Ogasiti 2025 ku America inakwera kufika 549 m'malo motsika. Ma Xbox nawo anakwera chaka chomwecho. Switch 2 inatuluka pa 5 Juni 2025 pa madola 449, Mario Kart World yake ili pa madola 79. Olowerera anaima pamizere monga mwa nthawi zonse, ndipo makina oposa 3.5 miliyoni anagulidwa m'masiku anayi oyamba. Koma amenewo ndi anthu amene akanagula ngakhale pa mtengo wina uliwonse. Banja limene linagula Wii pa madola 249 gemu ili kale m'bokosi, lero likufunsidwa ndalama zoposa kawiri kuti lipeze makina ndi gemu imodzi, pamene mwana aliyense m'nyumbamo akusewera kale Roblox kwaulere pa foni ya mayi ake.